Kalata yotseguka kwa atsogoleri athu: mashedi abwere, koma kuno kuli anthu

Kwa olemekezeka akuluakulu oyang'anira malo, mapulani ndi misewu mu mzinda wathu wa Chipata, kwa mafumu ndi anyakwawa athu, komanso kwa eni ake a mashedi amene akumangidwa m'dera lathu,

Landirani moni wanga, azibambo ndi azimayi. Ndikudziwa kuti mipando imene mwakhalapo ndi yolemera, ndipo madandaulo ofika pa matebulo anu tsiku ndi tsiku ndi ochuluka. Langali ndalilemba poyera kuti aliyense awerenge, chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha, komanso chifukwa njira zakachetechete tinaziyesa kale. Tinapita ku maofesi, tinasiya makalata, tinauzidwa kuti tidikire. Tikudikira chomwecho, khoma likungokwera.

Ine ndine mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito. Zaka zanga zambiri ndinathera panjinga m'midzi ya chigawo chino cha Kum'mawa, kuphunzitsa alimi kabzalidwe ndi kasungidwe ka chimanga, mtedza, soya ndi thonje. Nditapuma ndinamanga kanyumba kanga kunja kwa tauni, kumene mapuloti atsopano akumana ndi madimba akale. Pamene ndinkafika, usiku tinkamva achule kudambo. Lero tikumva injini. Kuseri kwa nyumba zathu kwatchingidwa malo aakulu, ndipo mkatimo mukukwera mashedi osungiramo katundu, pamodzi ndi bwalo loimikapo mathiraki.

Ndisanadandaule kanthu, ndinene ichi momveka: mashedi sindikuwakana. Amene angawerenge kalatayi n'kunena kuti nkhalamba ija ikudana ndi chitukuko, sanandimve. Ndinaona ndi maso anga matumba a chimanga ataunjikidwa panja pa matabwa, tenti yong'ambika pamwamba, mvula ya Novembala ikulowa. Ndinaona mtedza wabwino wa Chalimbana ukugwira chuku chifukwa chosowa pouma pousunga, ndipo chuku chimenecho n'chimene chimawononga chiwindi cha munthu ndi kutsekereza mtedza wathu ku misika yakunja. Mlimi wopanda posunga amagulitsa mu Meyi pamtengo wolira nawo, kenaka n'kudzagula ufa mu Januwale pamtengo wokwera. Munthu woti anaziona izi sangadane ndi shedi.

Ndipo n'zomveka kuti amalonda akuyang'ana kuno. Chipata ali pamphambano. Msewu wa Great East umachokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, n'kudutsa pakati pathu kulowera ku Mwami. Malire a Mwami ndi Mchinji anasanduka a chipata chimodzi mu Disembala 2022, pamene a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegula nyumba zatsopano zija, kuti thiraki isamaime kawiri. Kupitirira Malawi kuli doko la Nacala ku Mozambique, lomwe kwa ife a kum'mawa lili pafupi kuposa Dar es Salaam kapena Durban. Misewu ya ku Lundazi, ku Mfuwe, ku Chadiza ndi ku Vubwi yonse imathera pano. Feteleza wolowa, soya wotuluka, simenti, sopo, mafuta ophikira, zonsezi zimafuna pogona zisanapitirire. Kuyambira pamene tauni yathu inakhala mzinda mu 2017, nyumba zafalikira kumene kunali minda. Zonsezi tikuzidziwa, ndipo zina tikukondwera nazo.

Wina anatiyankha kuti walira mvula walira matope. Mwambiwo ndi woona, koma makolo amene anaunena ankadziwanso kukumba ngalande kuzungulira nyumba mvula isanagwe. Kumudzi nkhokwe simangidwa pakati pa njira ya kuchitsime. Mwini wake amayamba wayang'ana kumene madzi amayenda, kumene ana amasewera, kumene ngolo idzaimire, ndipo amauza abale ake asanazike mtengo. Dandaulo lathu lonse lagona pamenepa: mashedi afika patsogolo, msewu, ngalande ndi kufunsa anthu zatsala m'mbuyo.

Ndiyambe ndi malo, chifukwa ndi pamene mtima wa anthu wapwetekera kwambiri.

Ambiri a ife tinadziwa za ntchitoyi titaona anyamata akukhoma zikhomo m'madimba. Panalibe chikwangwani, panalibe msonkhano. Mayi wina wamasiye, amene ndimapemphera naye, wakhala akulima repu, tomato ndi mpiru kumunsi kwa dambo kuyambira mwamuna wake ali moyo. Ndi dimba limenelo ankapita nalo ku msika wa Kapata m'mamawa, ndipo ndi limenelo laphunzitsa adzukulu ake. Tsiku lina anapeza waya wadutsa pakati pa mizere yake. Anapatsidwa kandalama m'manja, popanda pepala, popanda woyeza kukula kwa dimbalo kapena kuwerenga nthochi ndi mango amene anabzala. Ndalamayo inatha mwezi usanathe. Lero amagula ndiwo zimene ankagulitsa.

Atsogoleri athu, malamulo a dziko lino sanatisiye osowa chonena. Lamulo la malo la 1995 limati malo a mafumu asanaperekedwe kwa munthu pa pepala la boma, afunsidwe amfumu, ifunsidwe khonsolo, komanso afunsidwe munthu aliyense amene angakhudzidwe. Mawu omalizawa ndi amene amaiwalika. Siginecha ya amfumu ndi yofunika, koma silowa m'malo mwa mawu a mayi amene khasu lake lili m'dothilo. Ndipo pepala lija likatuluka limatha kukhala la zaka 99. Ameneyo ndi mwana wanga, mdzukulu wanga ndi mdzukulutuvi wanga, onse atatha. Chinthu chotenga mibadwo itatu sichiyenera kutha pa kukambirana kwa masana amodzi m'chipinda chotseka.

Lamulo la mapulani a matauni ndi madera la 2015 limafunanso kuti anthu amvedwe pokonza mapulani a dera lawo, ndi kuti malo asasinthidwe ntchito yake popanda chilolezo. Ife amene tinagula mapuloti kuno tinauzidwa kuti ndi malo a nyumba zogona. Tinamanga ndi ndalama za penishoni, ena ndi ngongole. Ngati pulani inasintha, inasintha liti, ndipo tingakaione kuti? Sindikufunsa mwamwano. Ndikufunsa chifukwa ndikufuna kuiwerenga.

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa, ndigwada pansi polankhula. Ndinu amene mumadziwa kumene kuli manda a makolo, ndi njira imene maliro amadutsa. Khoma latsopanoli latseka njira yakale ya kumanda. Pa maliro a mnansi wathu, onyamula bokosi anazungulira mtunda wautali m'mbali mwa msewu, mathiraki akuwaomba fumbi, azimayi akuimba ataphimba pakamwa ndi zitenje. Sindinaonepo chinthu chotere m'moyo wanga, ndipo sindikufuna kudzachionanso.

Tsopano msewu.

Kamsewu kolowera kwathu ndi kadothi. Kanapangidwira njinga, ngolo ndi magalimoto ang'onoang'ono. Lero mukudutsa mathiraki onyamula matani 30, amene ndi matumba 600 a makilogalamu 50 pa galimoto imodzi. Akatswiri a misewu amadziwa kuti kulemera kwa pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala, kukachuluka kawiri, kuwonongeka kwa msewu sikuchuluka kawiri ayi, kumachuluka pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake thiraki imodzi yodzaza imawononga kuposa magalimoto ang'onoang'ono ambirimbiri. Kamlatho kathu kamachubu kayamba kale kutitimira mbali imodzi. Nthawi yachilimwe fumbi limalowa mpaka m'mbale ya nsima, zovala sitiyanikanso panja, ndipo ana achifuwa cha mphumu sagona. Mvula ikagwa, matayala amasiya maenje oti njinga yamoto singadutse.

Koma chondisowetsa tulo ndi ana asukulu. Njira yawo ndi yomweyo, ndipo nthawi imene iwo akupita ndi yomwe mathiraki ogona pageti akudzuka. Palibe njira ya oyenda pansi, palibe hampu, palibe chikwangwani. Dalaivala wa thiraki yaitali akamakhota kapena kubwerera m'mbuyo, pali malo amene sangathe kuona ngakhale atakhala wosamala chotani, ndipo mwana wa giredi 1 msinkhu wake ndi pafupifupi wa tayala. Mdzukulu wanga anagwera m'ngalande pothawa ngolo ya thiraki imene inali kukhota. Anangochubuka mawondo, tikuthokoza Mulungu. Kuyambira tsiku limenelo ndimamuperekeza ndekha, ndipo m'njiramo ndimakumana ndi azimayi ena amene asiya malonda awo am'mawa pa chifukwa chomwecho. Chipata ndi mzinda wa njinga. Amene anakula nthawi ya fakitale ya njinga ija akudziwa, ndipo mpaka lero anyamata ambiri amadyera kupalasa, kunyamula anthu ndi makala. Msewu wokonzera thiraki yokha n'kuiwala wapanjinga si msewu wa Chipata.

Za madzi ndikhalapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndikuopa kuti tidzalira tonse, olemera ndi osauka omwe.

Mzinda wathu wakhala m'chigwa, mapiri atauzungulira. Madzi onse a m'mapiri amatsikira kwa ife, ndipo aliyense amene anaona mtsinje wa Lunkhwakwa utakwiya akudziwa liwiro lake. Dambo ndi limene limatiteteza. Limamwa madzi nthawi ya dzinja, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo zitsime zathu zimamwa kwa ilo. Ukalithira dothi ndi miyala, n'kuliphimba ndi konkire ndi malata, madziwo sasowa ayi, amangosintha njira.

Tiyeni tiwerengere limodzi, monga ndinkachitira ndi alimi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi. Denga ndi bwalo la konkire zokwana hekitala imodzi ndi malo otere 10,000. Mvula ya mamilimita 20, imene kuno imatha kugwa masana amodzi, ipereka malita 200,000. Zimenezo ndi ndowa 10,000 za malita 20, zotsika nthawi imodzi, popanda udzu kapena dothi lozigwira. Ndafunsa amisiri amene akugwira ntchito pamalopo kuti madziwo adzapita kuti. Anandilozera paipi yotulukira kuseri kwa khoma. Kuseri kwa khomalo kuli nyumba za njerwa zosawotcha, ndi zimbudzi zokumba.

Chimbudzi chokumba chikasefukira, zonyansa zimalowa m'chitsime. Sitinaiwale kolera ya 2023 ndi 2024, imene inachititsa kuti masukulu a dziko lonse achedwe kutsegulidwa. Sitinaiwalenso chilala cha 2024, pamene zitsime zosaya zinauma ndipo magetsi ankazima maola ochuluka. Madzi amene angatimize mu Febuluwale ndi omwewo amene tidzawasowe mu Okutobala. Denga lalikulu chotere likhoza kukhala dalitso ngati madzi ake atakololedwa m'matanki kapena m'dziwe lokonzedwa bwino. Koma m'malo mwake tikumva kuti pakumbidwa mjigo wakuya wa pampu yamphamvu, pafupi ndi zitsime zathu za mamita ochepa. Dziko lino lili ndi bungwe la WARMA loyang'anira madzi apansi, ndi la ZEMA limene lamulo la zachilengedwe la 2011 linalipatsa mphamvu younika ntchito zazikulu zisanayambe. Ngati kuunikako kunachitika, lipoti lake si lachinsinsi. Tiloleni tilione, ndipo wina atifotokozere m'chinenero chathu.

Palinso nkhani imene anansi anga ambiri saidziwa, koma ine ndikuidziwa chifukwa cha ntchito yanga yakale. Mbewu zikasungidwa zambiri, anankafumbwe amaphedwa ndi mapiritsi otulutsa mpweya wa phosphine. Mulu wa matumba umaphimbidwa ndi pepala lapulasitiki, m'mbali n'kutsindira ndi mchenga, ndipo umakhala wotseka kwa masiku angapo. Mpweya umenewo umapha tizilombo, umaphanso munthu. M'manja mwa odziwa ntchito palibe vuto. Koma shedi ikakhala pafupi ndi mawindo a zipinda zogona, tiyenera kudziwa kuti mankhwalawo akuthira ndani, tsiku liti, ndipo zotsala zake akutaya kuti. Ndinaonapo ana kumudzi akusewera ndi zitini za mankhwala otere zitatayidwa kudzala. Chimodzimodzinso feteleza, mafuta ndi mankhwala a thonje: sitinauzidwe kuti m'mashedimu mudzasungidwa chiyani. Moto utabuka usiku, galimoto yozimitsa moto idzalowera kuti pamene mathiraki atsekereza kamsewu mbali zonse, ndipo madzi idzatunga kuti?

Madalaivala sindikuwaimba mlandu. Ndi ana a anthu, ena achokera ku Beira kapena ku Nacala, masiku ambiri ali panjira. Akafika usiku amapeza geti lotseka, ndipo amagona m'mbali mwa mipanda yathu. Alibe chimbudzi, alibe posamba, alibe pophikira. Munthu akapanikizika amapita kuthengo, ndipo thengo latsala kuno ndi kuseri kwa nyumba zathu. Injini zina zimalira mpaka mbandakucha. Pamene pagona amuna ambiri apaulendo ndi ndalama m'thumba, pamabweranso mowa wa usiku, ndipo ife makolo a ana aakazi tikuona zimene zayamba. Sindipitirira apa. Amene ali ndi mwana wamkazi wamva.

Ntchito ndiyo inali nyambo imene tinalonjezedwa. Anyamata athu ena alembedwadi, ndipo sindikupeputsa zimenezo, chifukwa mnyamata wopeza kangachepe madzulo amasiyana ndi wongokhala pamsika. Koma ntchito yake ndi iti? Ndi kusenza matumba pamutu kuchoka m'thiraki kupita pamulu, kulipidwa pa thumba, popanda nsapato zolimba, popanda chophimba kumphuno. Mwana wa mlongo wanga anagwa pa thabwa lokwerera ali ndi thumba paphewa. Anakhala kunyumba masabata angapo msana ukupweteka, ndipo pobwerera anapeza malo ake alowa wina. Dzina lake silinalembedwe paliponse, choncho panalibe woti n'kumufunsa. Lamulo la ntchito la 2019 limaletsa kusunga munthu ngati waganyu pa ntchito imene ndi yokhalitsa. Wolembedwa ntchito ayenera kulembetsedwa ku NAPSA, bungwe la penishoni, ndipo wovulala pantchito ali ndi thumba la chipukuta misozi limene boma linakhazikitsa. Kutsitsa katundu pa shedi si ganyu ya tsiku limodzi ngati kupalira m'munda mwa mnzako. Ndi ntchito ya chaka chonse.

Ndipo ana athu si onyamula okha. Muno muli achinyamata amene anamaliza giredi 12, ena anapita ku makoleji, oti angathe kulemba katundu wolowa ndi wotuluka pa kompyuta, kuyendetsa makina onyamulira, kuyeza chinyezi cha mbewu, kukonza magetsi. Fodya wathu, thonje lathu ndi soya wathu zakhala zikutuluka m'chigawo chino kwa zaka zambiri, ife n'kutsala ndi mapesi. Zisakhale kuti tsopano tidzatsalanso ndi fumbi lokha.

Apa ndiye pali funso limene limandivuta kwambiri monga mlangizi. Mashedi amenewa, mlimi wamng'ono wa ku Chiparamba kapena ku Kasenengwa adzalowamo? Kapena adzangogulitsa pa sikelo ya vendala pamsewu, vendalayo n'kukasunga m'shedi, n'kudikira mtengo ukwere? Dziko lathu lili kale ndi lamulo lolola kuti mlimi asungitse mbewu zake m'shedi yovomerezeka, alandire risiti, ndipo risitiyo agwiritse ntchito ngati chikole cha ngongole kapena agulitse nayo mtengo ukakoma. Makopaletivu athu akhoza kuphatikiza matumba awo, kuumitsa chimanga kufika pa chinyezi cha 12.5 peresenti chimene a FRA, bungwe la boma logula chimanga, amafuna, n'kusungitsa pamodzi. Chipinda chimodzi chokha m'mashedi onsewa chitapatulidwira makopaletivu pa mtengo wotheka, anthu a kuno akanaliona khomalo ndi maso ena. Nkhokwe imene mbewu zako sizingalowemo ndi ya mwini wake basi, ngakhale itamangidwa pakhomo pako.

Chomaliza ndi njanji. Njanji ya Chipata ndi Mchinji inayambidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo inatsegulidwa mu 2010, nthawi ya malemu a Rupiah Banda, mwana wa kuno kwathu. Tinavina tsiku limenelo. Tinauzidwa za doko la pamtunda pafupi ndi siteshoni, pamene katundu wochokera ku Nacala adzatsikire. Mu 2018 boma linaikanso lamulo loti gawo la 30 peresenti la katundu wolemera wamitundu ina liziyenda pa njanji. Nanga bwanji mashedi akumwazikana m'makomboni ndi m'madambo, aliyense kumene wapeza puloti yotchipa, m'malo mosonkhana kumene njanji ndi msewu waukulu zili kale? Malo amodzi okonzedwa bwino, okhala ndi msewu wolimba, sikelo, madzi ozimitsira moto ndi pogona madalaivala, angapepukire amalonda omwe, kuposa kuti aliyense azilimbana ndi matope payekha.

Choncho, mwaulemu, ife okhala m'derali tikupempha izi:

1. Muitanitse msonkhano wa anthu onse kuno kwathu, osati ku hotela m'tauni. Pakhale a mapulani, khansala wathu, komiti ya chitukuko ya wadi, anyakwawa ndi eni ake a mashedi. Uchitike m'Chinyanja, tsiku loti azimayi a kumsika angathe kufika, ndipo zogwirizana zilembedwe.

2. Mutionetse mapepala: pulani ya dera lino, chilolezo chosinthira ntchito ya malowa, ndi lipoti la zachilengedwe. Lamulo la 2023 lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lilipo, koma sitikufuna kufika pokakamizana. Akhomedwe pa sukulu kapena pa tchalitchi pamene aliyense angawerenge.

3. Ntchito yothira dothi m'dambo iyambe yaima kufikira ngalande zitakonzedwa ndi kuonedwa ndi injiniya wosadalira kampaniyo. Madzi a padenga akololedwe kapena agwidwe m'dziwe mkati mwa mpanda wawo, asatulukire ku nyumba za anthu. Mjigo wawo uyezedwe kuti tidziwe ngati sukuphwetsa zitsime zathu, ndipo ngati ukutero, atipatse mpopi kunja kwa khoma.

4. Mathiraki akhale ndi njira yawoyawo yochokera ku msewu waukulu, yomangidwa molingana ndi kulemera kwawo, ndipo mtengo wake asenze amene akupindula nawo. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, ndi za makalasi, zipatala zazing'ono ndi milatho ya anthu; zisathere pokonza zimene mathiraki a kampani aphwanya. Podikira njirayo, pakhale mahampu, njira ya oyenda pansi ndi apanjinga, kuthira madzi pa fumbi, ndipo mathiraki asayende nthawi imene ana akupita ndi kuweruka kusukulu.

5. Onse amene anataya madimba ndi mitengo alembedwe mayina, katundu wawo ayezedwe ndi wodziwa ntchitoyo, ndipo alipidwe pa pepala. Amene moyo wawo unali dimba apatsidwe malo ena olima, chifukwa ndalama imatha koma dothi silitha. Njira ya kumanda itsegulidwe.

6. Madalaivala apatsidwe malo oimika mkati mwa mpanda, ndi zimbudzi, posamba ndi kuwala.

7. Tiuzidwe zimene zidzasungidwe m'mashedimu. Pothira mankhwala ophera anankafumbwe, anansi achenjezedwe tsiku lisanafike, ndipo ozimitsa moto abwere adzaone okha polowera ndi potunga madzi.

8. Oyang'anira za ntchito azifika mosalengeza, aone ngati anyamata athu alembedwa m'buku, ali ndi zodzitetezera, ndipo ndalama zawo za NAPSA zikupita. Ntchito za ukalaliki ndi za makina zilengezedwe kuno poyamba. Makopaletivu a alimi apatsidwe gawo losungiramo mbewu.

9. Mashedi ena amene akubwera, poti tikudziwa kuti awa si omaliza, alozeredwe malo amodzi pafupi ndi njanji ndi msewu waukulu, mapuloti a nyumba asanazungulire malowo.

Kwa inu eni ake a mashedi, mwaika chuma chanu mu mzinda wathu, ndipo pa chimenecho tikuthokoza. Mudzakhala anansi athu zaka zambiri. Alonda anu adzachokera m'nyumba zathu, ndipo moto kapena akuba akadzabwera usiku, oyamba kukuwa tidzakhala ife. Zimene tapempha pamwambapa n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa zitsulo ndi malata amene mwaimika kale. Safunsa anadya phula. Bwerani mutifunse kumene madzi amadutsa, tikuonetsani, chifukwa takhala tikuwaona chaka ndi chaka.

Kwa anzanga a ku Mchini, ku Nabvutika, ku Magazine, ku Kapata ndi madera ena amene mukuwerenga, komanso a ku Katete, ku Petauke ndi ku Sinda amene mwakhala m'mbali mwa msewu womwewu: mukaona zikhomo m'dambo lanu, funsani tsiku lomwelo. Ife tinachedwa, tinkaganiza kuti wina abwera kudzatiuza. Kalatayi itumizeni kwa khansala wanu, muiwerengenso kwa achikulire amene alibe foni.

Atsogoleri athu, mvula yoyamba imafika mu Novembala, ndipo paipi ija yaloza kale ku nyumba za anthu. Ndikukupemphani kuti mmodzi wa inu abwere m'mawa wa tsiku la sukulu, cha m'ma 6 koloko, asiye galimoto pa msewu waukulu, ayende nafe pansi kuchokera pa kamlatho kufika pa geti la mashedi. Ndidzakhala pamenepo ndi mdzukulu wanga, ndipo mayi wa dimba uja wati adzabwera kudzakuonetsani pamene panali chitsime chake.

Ine wanu mwaulemu,
Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito,
m'malo mwa anansi anga,
Chipata.